Dambo la M'mimba mwa Kanela

Ikani makasuwo pansi, ana inu. Iwe Mateyu, ndati pansi, osati paphewa. Ndakuonani ndili pakhonde mukuzembera kuseri kwa nyumba, ndipo amene wakutumani ndikumudziwa. Amayi anu akufuna mizere ya mbatata pamenepaja, ati pangokhala thengo lopanda ntchito. Iwowo ndilankhula nawo ndekha akabwera kuchigayo, chifukwa mwa anthu onse a m'mudzi muno, amene sayenera kulozetsa khasu pamalo amenewo ndi iwowo. Bwerani pamthunzi pano. Luwiza, sendera uko, wandikhalira chipewa.

Thengo limenelo ndinafesa ndine. Eya, sekani, mano ndi anu. Anthu anaseka kale inu musanabadwe, ndipo ankaseka bwino kuposa inu. Munthu wamkulu, wandevu zake, wobatizidwa, kufesa udzu! Koma ndisanafike pa udzuwo ndiyambe ndi mwini wake, apo ayi simumvapo kanthu.

Mwini wake anali kavalo. Inu kavalo mumamuona m'buku la kushikola, atajambulidwa ngati mbuzi yaitali miyendo. Sali choncho ayi. Kavalo akaima pafupi nawe umamva kutentha kwa thupi lake, akapuma mpweya umakuwomba pachifuwa, ndipo diso lake limakuyang'ana ngati akudziwa zimene unachita dzulo. Wathuyo anali wamkazi, wofiirira, dzina lake Kanela. Anali wa apadiri a kumisau, kumishoni kuja, mzungu wokalamba amene ankayendera makapela a m'midzi ya kuno ku Mualadzi. Kudera lino akavalo sakhalitsa, kashembe amawatha, koma chitunda chathu chino ndi chozizira, ntchentche imeneyo siikonda kukwera kuno. N'chifukwa chake apadiri anamanga khola la Kanela pano, kuseri kwa kapela. Ine ndinali wosesa m'kapelamo, ndipo poti ndine munthu woti sinditha kudutsa chinthu osachigwiragwira, ndinaphunzira msanga kumutukula mwendo n'kumuchotsa timiyala m'ziboda. Kumutu ankavala lamba wachikopa wokhala ndi mphete yamkuwa yomangapo chingwe, ndipo mphete imeneyo ndinkaikwecha ndi phulusa Loweruka lililonse ngati ndi yanga.

Zinthu zitasintha m'dziko, apadiri anauzidwa kuti azipita. Tsiku lonyamuka anandipatsa chingwe m'manja, nalankhula Chinyanja chawo chopindika chija.

“Lazaro, Kanela ndi wako. Udzu, madzi, mchere pang'ono. Basi.”

Ndinagwedeza mutu, mumtima ndikuseka. Udzu? Ife moyo wathu wonse umathera kulimbana ndi udzu. Mvula ikangodontha, udzu umamera ndi pa denga pomwe. Ndinkaona ngati udzu ndi udzu basi, monga momwe inu mumaonera lero.

Tsopano agogo anu aakazi, malemu Naphiri. Iwe Mateyu ukuwakumbukira akuyenda ndi ndodo, ndipo mwina unkayesa kuti ndi ukalamba. Ayi, mwendo wawo wakumanzere unalumala ali kamwana. Kudimba ankagwira ntchito kuposa anthu a miyendo iwiri, pakamwa ndiye osanena, ankatha kukusenda ndi mawu ngati chinangwa. Koma ulendo wautali sankautha. Kuchoka pano kufika pachitsime ankapuma kawiri. Ine ndinali mkamwini pamudzi pawo pano, ndipo ukamwini wa nthawi imeneyo sunali wa lerowu woti mkamwini akudyera mbale imodzi ndi apongozi, mafoni ali m'manja. Ine ndi apongozi anga tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ngakhale ine nditakhala pomwepo.

Nkhondo inayamba kutifika ngati mphekesera, kenaka inafika ndi miyendo. Sitolo zinatsekedwa. Mchere unasowa mpaka tinabwerera ku chidulo cha agogo athu, kutcheza phulusa kuti ndiwo zimveke kanthu. Sopo tinamuiwala fungo. Amayi ena ankavala masaka, ndipo saka labwino linali chovala cha pa Sabata. Njinga zonse za m'mudzi muno zinatengedwa, lero ndi awa, mawa ndi awo, ndipo tinaphunzira kusafunsa kuti ndinu a mbali iti. Mabanja anayamba kuchoka, kulowera ku Cassacatiza kukadumphira ku Zambia. Pamsewu waukulu panali posayendeka, choncho ankadzera m'tchire, masiku atatu wapansi. Aliyense ankadziwa kuti tsiku lathu nafenso lidzafika.

Tsiku lina tikutong'ola chimanga, Naphiri anangoti osandiyang'ana, “Tsiku lothawa likadzafika, inu mudzapite ndi amayi. Ine mudzandikweze m'nkhokwe n'kutsekera pamwamba. Mwina sadzayang'anamo.”

Ndinakwiya, ana inu, ndinakwiya mpaka chitsononkho chinandithyokera m'manja. Ndinati, “Musadzabwerezenso mawu amenewo. Miyendo yanu ili m'khola umo, inayi yathunthu.”

Kuyambira tsiku limenelo Kanela sanalinso kavalo wa apadiri. Anali miyendo ya agogo anu, ndipo akanafooka, agogo anu akanatsala.

Busa la Kanela linali dambo lalikulu lija la kumunsi, limene pano mumathamangitsiramo mbuzi mosaopa kanthu. Msipu wake sunkauma ngakhale m'chilimwe. M'mawa wina, mvula itangotha kumene, ng'ombe ya a Mbewe inatsogola kukamwa madzi, ndipo tinangomva chiphokoso, fumbi n'kuti tolo. Anthu ena, amene mpaka lero sitikuwadziwa, anali atakwirira mabomba aja tinkawatcha mina m'njira zolowera kudambo. Palibe ankadziwa kuti alipo angati ndiponso ali pati. Dambo linatsekeka tsiku lomwelo, popanda mpanda, popanda chitseko. Tinkangoliona lili biriwiri kumunsi uko, ngati chakudya cha eni ake.

Ndinayamba kumangirira Kanela pachitunda pompano. Miyezi ingapo anakunkha zonse mpaka nthaka inaoneka. Ndinamupatsa mapesi, ndinamupatsa gaga mpaka gagayo tinayamba kumudya tokha. Pofika nthawi yotentha ija nthiti zake zinkawerengeka uli patali. Ankaima kumapeto kwa chingwe, mutu utaloza kudambo, osadya, osagona, kungoyang'ana. 

Ndiye ndinaganiza monga mlimi. Chimanga chikasowa timabzala chimanga, nanga udzu ukasowa? Ndinalambula malo kuseri kwa nyumba uko, n'kuunda mizere yowongoka bwino, ya chingwe, yoti ngakhale mlangizi akanaiombera m'manja. Tsono udzu wake uti? Apa ndi pamene nzeru zanga zinathera. Ndinasankha tsekera, poti ndiye udzu umene ife timaupatsa ulemu. Ndi wautali, ndi wonenepa, timafolerera nyumba, timamangira mipanda. Ndinati kavalo wa apadiri sangadye udzu wamba. Ndinakumba ziputu zake m'mphepete mwa minda n'kuzibzala motalikana bwino, phando ndi phando, mvula yoyamba itangogwa.

Mudzi unapeza chosekera, ndipo m'masiku amenewo choseketsa chinali chosowa, choncho anandiseka mosasiyako. A Mbewe, omwe aja ng'ombe yawo inaphulika, ankaima pamalire a munda wangawo manja ali kumbuyo.

“A Lazaro, mbewu yacha bwino chaka chino. Nkhokwe yake mwaluka kale?”

Apongozi anga nawo ankakhala pamphasa atandifulatira, n'kumauza mwana wawo mokweza kuti ndimve. “Mwanawe, kawafunse amuna akowo kuti udzuwo tidzasinja mumtondo uti. Wanga uja ndi wa chimanga.”

Ine ndinangopitiriza ntchito yanga. Ndinkapalira munda wangawo kuposa wa chimanga. Chisoso chikangotulutsa mutu, khasu. Khovani, khasu. Kapinga, amene mlimi aliyense amamuda ngati mfiti, ndinkamutsata mpaka kumizu n'kukamutaya kutali. Pakati pa mizere panali mbee, poti mwana akanatha kukwawapo osadetsa mawondo. Ndinkaima madzulo n'kumadziyamikira ndekha.

Kanela anadya nsonga zanthete masabata oyamba, ndipo ine ndinayamba kuyenda modzitukumula. Koma tsekera sachedwa kukhwima. Atangolimba ngati bango, Kanela ankamununkhiza n'kutembenuka. Anayamba kunyambita chulu, kutafuna mitengo ya khola, ubweya n'kumathothoka m'mbali. Nthawi yomweyo Naphiri anandiuza kuti ali ndi pakati. Pathupi pamenepo ndiye amayi anu amene akutumani ndi makasuwa. Ndinasangalala, koma mantha anaposa chimwemwe. Tsiku lotsatira ndinayesa kusenzetsa Kanela thumba limodzi la chimanga, kuti ndione. Anayenda kuchoka pakhola kufika pamtengo wa mango uwo, mawondo n'kuyamba kunjenjemera. Ndinatsitsa thumbalo, ndinakhala pansi, ndipo sindikubisirani, ndinalira.

Chimene chinatipulumutsa ndi kulongolola kwa agogo anu. Dimba lawo linali pakamtsinje ka kuseri kwa mudzi, kumene kunalibe mina. Anabzalamo kovi, ndiwo zamasamba zija, ndipo manyowa anatapa pamulu wa ndowe zakale za Kanela, zimene ndinkaunjika kuseri kwa khola pansi pa tsindwi kuyambira nthawi ya apadiri. Tsiku ndi tsiku ankabwera kudimba akudandaula.

“Ndowe za kavalo wanuyo ndi zotani kodi? Ndathira manyowa kapena ndathira thengo? Ndikazula lero, mawa zamera zina, zina sindinazionepo m'dimba chibadwire.”

Ine ndinkangoti pepani, maganizo ali kwina. Mawu amenewo anandilowa khutu ili n'kutulukira ili kwa milungu ingapo, ndipo ndikakumbukira ndimadzimenya pamphumi.

M'mawa wina Kanela anadula chingwe. Ndinamva agogo anu akukuwa kudimba, “Kovi wanga! A Lazaro, kovi wanga watha!” Ndinathamanga ndi chikoti m'manja. Koma nditafika pampanda ndinaima. Kanela anali pakati pa dimba, inde, koma kovi ankangomudumpha. Mlomo wake unkayenda pansi pakati pa mizere, kusankha, ngati mayi akusankha nyemba palichero. Ndinauza Naphiri kuti atonthole kaye, zimene sizinali zapafupi, ndipo ndinanjuta pomwepo kuyang'anitsitsa mpaka dzuwa linafika pamutu.

Kanela anayamba ndi kapinga, yemwe uja ndinkamutaya kutali. Anapita pa khovani, n'kumamukoka ndi mayangayanga ake omwe. Chisoso ankangobudula nsonga. Panali kaudzu kena kofewa ka ngala zofiirira, panalinso kachitsamba koyanga pansi ka masamba atatuatatu, kamene ankakafunafuna ngati mwana afunira nyama m'ndiwo. Mpungabwi anangoluma kamodzi n'kuusiya, koma patapita nthawi anabwereranso kudzaluma kamodzi. Zimenezo zinandidabwitsa kwambiri. Sankadya chinthu chimodzi mpaka kukhuta monga ndinkaganizira ine. Ankadya pang'ono apa, pang'ono apo, china ngati chakudya, china ngati ndiwo, china ngati mankhwala. Zonse zimene ndinakhala ndikupalira miyezi iwiri ndi thukuta langa ndizo zinali chakudya chake.

Koma funso linanditsalira. Kachitsamba ka masamba atatu kaja sikankamera pachitunda pano. Ndinali nditakaonapo malo amodzi okha, kudambo. Nanga m'dimba kanafikamo bwanji? Ndinapita kuseri kwa khola, ndinatola ndowe imodzi youma, n'kuifikisa pachikhato. Mateyu, usakwinye nkhope, ndowe ya kavalo ndi udzu wokhawokha, ndi yaukhondo kuposa zala zakozo. Nditauzira pang'ono, pachikhato panatsala timbewu, tina takuda, tina tofiirira, tating'ono kuposa mawere. Ndinatenga phale, ndinaikamo dothi la pachulu lopanda kanthu, ndinafikisiramo ndowe zitatu, n'kumathirira m'mawa uliwonse. Agogo anu ankati ndapenga kachiwiri. Sabata isanathe phale linachita biriwiri, ndipo masamba atatambasuka ndinawerenga mitundu isanu ndi itatu. Ina ndinkaidziwa, ina mpaka lero ndilibe dzina lake.

Ndinanyamula phalelo kukawaonetsa Naphiri. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kukhudza kamasamba atatu kaja ndi chala.

“Ndiye mukuti dambo lonse lija lili kuseri kwa khola?”

“Lonse. Analitulutsa yekha m'mimba, zaka zonsezi, ife osadziwa.”

“Ndipo inu mwakhala mukulima tsekera.”

“Ndakhala ndikulima tsekera.”

Anaseka mpaka anagwira pamimba, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambire chaka chimenecho.

Mvula inali ikadalipo, koma inali itapendekera kumapeto, choncho panalibe nthawi yotaya. M'mawa mwake ndinazula tsekera yense, ndinakonzanso mizere yanga, n'kuyamba kukumba mapando kuti ndiikemo ndowe imodziimodzi ngati mbewu ya maungu. Ndili wowerama choncho ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo. Anali apongozi, lichero lili m'manja. Ndinafuna kupatuka monga mwa mwambo, koma iwo anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chikwatirire.

“A Lazaro, gumulani mizereyo. Munaona liti dambo la mizere?”

Mawu oyamba amene apongozi anga anandilankhula pamaso ndi amenewo. Ndinangoti, “Chabwino, amayi,” ngati mwana wa katekisimu. Kugumula mizere yowongoka ndi manja ako omwe kumawawa, ana inu, mlimi yekha ndiye angamvetse. Koma ndinasalaza ponse.

Apongoziwo anali a m'badwo wolima mawere, mbewu imene inu simuidziwa n'komwe, ndipo mawere safesa pamzere, amawaza. Anakhala pansi, anatiuza kuti tipunthe ndowe zoumazo ndi timitengo, osati mumtondo, kuopa kuphwanya mbewu. Mtondo uja ankandiseka nawo unapulumuka choncho. Zopunthazo anazisakaniza ndi mchenga wa kumtsinje kuti zisagwere malo amodzi. Kenaka anaimirira, gogo wokalamba, lichero pachiuno, n'kumayenda pang'onopang'ono akuwaza ndi dzanja lamanja, uku ndi uku, ngati akuthira nkhuku chakudya. Ine ndinkabwera pambuyo ndikukoka nthambi ya minga kuti mbewu zilowe pang'ono m'dothi. Anandiletsa kukwirira kwambiri, ati mbewu yaing'ono imafuna kuona kuwala. Pomaliza tinabzala timizu ta kapinga apa ndi apo, tomwe tija ndinakataya kudzala, ndipo ndinachita kukatitola ndekha anthu akuona.

A Mbewe anabweranso pamalire, koma ulendo uno anapeza apongozi anga ali m'mundamo. Anayang'ana gogoyo, n'kubwerera kwawo. Mawa lake anabwera ndi mtolo wa khovani wa m'munda mwawo, anauponya pakhola. Posakhalitsa amayi a m'mudzi akamachokera kopalira ankadzera pakhola kudzatula chisoso ndi khovani, ndipo Kanela anadya zimenezo podikira busa lake.

Kudikirako kunali kovuta, chifukwa msipu utamera iye ankaufuna tsiku lomwelo. Apongozi anati ayi, mpaka ufike m'mawondo ndipo wina uyambe kuchita ngala, apo ayi adzauzula ndi mizu yomwe. Tinatchinga ndi minga. Nthawi itakwana ndinagawa malowo panayi, n'kumamumangirira chigawo chimodzi masiku ochepa, kenaka china, kuti choyamba chija chipume. Ndowe zatsopano sindinkazitolanso, ndinkangozimwaza pomwepo ndi phazi. Chisoso chikamera, dzanja linkandiyabwa kufuna khasu, koma ndinkaliika m'thumba. M'malo mwa mchere ndinkamuikira phulusa la chidulo paphale, ndipo ankanyambita. Pofika nthawi yokolola nthiti zinabisika, ubweya unayamba kuwala, ndipo tsiku lina anandiluma paphewa mwachipongwe monga ankachitira kale. Chipsera chake ndi ichi. Palibe kulumidwa kumene ndinakukondwerera ngati kumeneko.

Tsiku lathu linafika m'nyengo yozizira, dzuwa lili pamutu. Tinaona utsi kumudzi wa kutsidya, kenaka mfuti zinayamba kulira mosalekeza. Panalibe kumanga katundu. Ndinayala mphasa yopinda pamsana pa Kanela, ndinanyamula Naphiri, amene mimba inali itakula kwambiri, n'kuwakweza. Ndinagwira chingwe, kudikira kuti ndione mawondo aja. Sananjenjemere. Anangopukusa mutu n'kuyamba kuyenda ngati wanyamula nthenga.

Masiku atatu aja sindiwafotokoza onse, ena si a makutu anu. Tinadzera m'mapiri, m'minga, m'mitsinje youma. Pokwera zitunda apongozi ankagwira mchira wa Kanela kuti awakoke, ndipo iye ankawalola, chikhalirecho munthu wina akanamugwira mchira akanalandira chiboda. Pena tinkakwezaponso mwana wa eni ake amene miyendo yatupa. Tikapuma, ine ndinkayang'ana zimene Kanela akubudula m'tchiremo, ndipo agogo anu ankati, “Anthu akuthawa nkhondo, inu mukuphunzira udzu.”

Tinafika pamalire cha kumadzulo kwa tsiku lachitatu. Anthu olandira othawa nkhondo anatilemba maina, anatipatsa madzi, koma ataona Kanela anapukusa mitu. Ati ziweto sizidutsa, zingalowetse matenda. Ndinachonderera m'Chinyanja, ndinachonderera m'Chipwitikizi, ndinagwada ndi kugwada komwe. Mmodzi anandimvera chisoni, koma anati lamulo si lake. Anabweretsa machira kuti anyamulirepo Naphiri.

Ndinamasula chingwe pamphete ija, lamba ndinamusiya kumutu. Agogo anu anapempha kuti awayandikize, anagwira Kanela pamphuno n'kumunong'oneza mawu amene ine sindinawamve, ndipo sanandiuzepo mpaka anamwalira. Kanela ndinamumenya pathako kuti azipita. Sanasunthe. Tinadutsa, ndipo nditacheuka komaliza anali ataima pansi pa mtengo, akutiyang'ana monga ankayang'anira dambo lija. Amayi anu anabadwa patapita milungu itatu, kumsasa wa othawa nkhondo. Apongozi anga anamuona mdzukulu wawo, anamulera zaka ziwiri, ndipo tinawaika komweko.

Tinabwerako nkhondo itatha, amayi anu atayamba kale kugulula mano. Galimoto inatitsitsa pamsewu, ndipo kuchokera pamenepo ndinawabereka agogo anu kumbuyo, kupuma, kuberekanso. Titafika pachitunda pano sitinazindikire kanthu. Nyumba zonse zinapsa, kapela anagwa, tsekera anali atameza mudzi wonse kutalika kuposa munthu. Tinazungulira uku ndi uku osadziwa kuti pakhomo pathu panali pati. Kenaka tsekera anangothera mwadzidzidzi, ndipo tinatulukira pamalo a msipu waufupi, wofewa, wosakanikirana. Kapinga, khovani, kaudzu ka ngala zofiirira, ndi kamasamba atatu kaja kali ponseponse. Dambo pamwamba pa chitunda. Ndinawatsitsa agogo anu n'kunena kuti tafika.

Koma chinthu china sichinkandimvekera, ndipo mukundidziwa, sindikanagona nacho. Malo amene tinafesa ndi apongozi ndinkawadziwa bwino, mapazi makumi anayi uku, makumi atatu uku. Amene tinapezawa anali aakulu kuposa pamenepo katatu, ndipo anali ndi mchira wautali wotsetsereka mpaka kukamtsinje ka dimba, mopyapyala ngati njira. Udzu umafalikira wokha, inde, koma suyenda mzere umodzi kupita kukamwa madzi. Panali wina amene ankafesa, tsiku ndi tsiku, popita kumtsinje ndi pobwera, ndipo osati mvula imodzi yokha.

Ndinayamba kufufuza m'msipumo ndi ndodo. Tsiku lachiwiri, pafupi ndi pamene panali khola, ndinapeza mafupa akuluakulu oyera, kapinga atawayanga. Chikopa cha lamba chinali chitatha ndi chiswe, koma mphete inalipo, yobiriwira ndi dzimbiri. Ndi yomweyi ndimamangirapo makiyi, imene iwe Luwiza umakonda kuiliza ndikagona masana.

Kanela anayenda yekha masiku atatu aja kubwerera, kudutsa mina, kudutsa asilikali, kudutsa mikango ngati inalipo, n'kudzakhala pakhomo popanda anthu. Anakhalapo mvula zingati? Ndakhala ndikuyeza ndi mapazi, kuyerekeza ndi mmene msipu umakulira pachaka mbuzi zikamadyapo, ndipo pena ndimapeza zitatu, pena zinayi. Funso limeneli ndidzapita nalo kumanda.

Ndinapita nayo mpheteyo kwa agogo anu, amene anali atakhala pamsipu pomwepo, mwendo wawo uja atautambasula. Anailandira, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, anayang'ana njira ija yotsikira kumtsinje. Ndinkadikira kuti anena zondiseka monga mwa masiku onse, koma misozi inali ikutsika.

“Ine ndinamuuza kuti atsogole, tikubwera,” anatero. “Sindinadziwe kuti tichedwa chonchi.”

Ndanama pamene ndinati sanandiuzepo mawu a pamalire aja. Anandiuza tsiku limenelo, kamodzi kokha, ndipo ine sindinawauzepo munthu mpaka lero. Ngakhale amayi anu sakuwadziwa.

Tsono nyamulani makasu anuwo. Mbatata kalimeni kumunsi kwa mango, nthaka yake ndi yabwino kuposa pano. Amayi anu akafunsa chifukwa chake, muwauze abwere adzakhale pamene wakhala Luwizapa, ndipo ndidzayambiranso poyamba.